“Muli Pati?” Tikonzekere Yankho Mvula Isanayambe

Usiku wina m'dzinja lapitalo, cha m'ma 11 koloko, tinadzutsidwa ndi mnyamata wa pakhomo loyandikana nafe. Alongo ake anali oyembekezera, ndipo matenda anawayamba masiku asanakwane, uku akutaya magazi. Tinaimba foni kuchipatala, mwamwayi galimoto inalipo. Patapita kanthawi adalaivala anaimba, ndipo anayankha ndi mnyamata uja.

“Achimwene, ndanyamuka. Muli pati kwenikweni?”

“Mukafika pamsika mukhotere kuphiri, bwana. Mukaona mtengo waukulu wa mango, ndi pomwepo, kuseri kwa tchalitchi.”

Ife tinali pomwepo tikumva, ndipo tinavomereza kuti mwana walondolera bwino. Tinaiwala kuti usiku wamvula phiri silioneka, kuti kuno ku Mulanje mango ali pakhomo lililonse, komanso kuti pafupi ndi msika umenewo pali misewu iwiri yolowera kuphiri, wina tsidya lino la mtsinje, wina tsidya linalo. Adalaivala anatenga woyamba kuuona. Tinangoona nyali za galimoto zikuwala kutsidya, pakati pathu pali madzi osefukira oti munthu sangayerekeze kuwoloka. Kuti abwerere kutala n'kupeza msewu wathu, panatha nthawi yoposa ola limodzi. Mayi ndi mwana ali moyo, tikuthokoza Mulungu, koma anamwino anatiuza kuti mayiyo anafika atafookeratu.

Adalaivala sanalakwe. Tinalakwa ndi ife amene takhala m'mudzi muno zaka zonsezi koma osatha kumuuza mlendo pamene tili. N'chifukwa chake mwezi uno tasiya kaye za zakudya ndi ukhondo wa m'khitchini kuti tikumbutsane mawu ochepa a jogalafe amene ambirife tinawasiya m'kalasi titalemba mayeso.

Mbali zinayi

Mbali zikuluzikulu ndi zinayi: kum'mawa, kumadzulo, kumpoto ndi kummwera. Agogo athu ena amati kuvuma potanthauza kum'mawa, ndi kuzambwe potanthauza kumadzulo. Ubwino wa mawu amenewa ndi woti sasintha. Mukanena kuti “kumanja”, zimatengera kumene munthu wayang'ana, koma kum'mawa ndi kum'mawa kwa aliyense, kaya akuchokera ku Limbe kaya ku Muloza.

Ife osunga Sabata tili ndi poyambira pabwino. Lachisanu lililonse timayang'ana kumene dzuwa likulowera, choncho palibe banja lathu limene silidziwa kumadzulo kwa nyumba yake. Mukafulatira kumeneko ndiye kuti mwayang'ana kum'mawa. Muli chiimire choncho, dzanja lanu lamanzere laloza kumpoto, lamanja laloza kummwera.

Amene amayang'anitsitsa adzaona kuti dzuwa sililowera pamalo amodzi chaka chonse. Mu Juni limalowa chakumpoto pang'ono, mu Disembala chakummwera pang'ono. Malo a pakati pa awiriwo, pamene limalowera cha kumapeto kwa Malichi ndi kwa Seputembala, ndiwo kumadzulo kwenikweni. M'miyezi yozizira chithunzithunzi chimathandizanso: mu Juni ndi Julayi dzuwa likakhala paliwombo, chithunzithunzi cha munthu kuno kwathu chimagwera kummwera. Ngakhale mphepo ili ndi phunziro. Chiperoni, mvula yamawawa ija yobwera ndi chifunga, inatenga dzina lake ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, limene lili chakummwera kwa Milange, ndipo mphepo yake imachokera pakati pa kummwera ndi kum'mawa.

Koma usiku dzuwa kulibe. Choncho ndi bwino kudziwiratu masana kuti khomo la nyumba yathu layang'ana mbali iti, msewu waukulu uli mbali iti, n'kuzisunga pamtima.

“Kuphiri” ndi kuti?

Anthu a ku Mulanje timakonda kulondolera ndi phiri, ndipo m'pomveka, pakuti ndi lalikulu moti nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere. Vuto ndi loti tinalizungulira. Munthu wa ku Likhubula akati “kuphiri” akuloza kum'mawa. Wa m'minda ya tiyi ya m'mbali mwa msewu wopita ku Muloza akuloza kumpoto. Abale athu a ku Phalombe akati “ku Mulanje kuphiri” akuloza kummwera. Mawu amodzi omwewo, mbali zitatu zosiyana.

Sitikunena kuti tisiye kutchula phiri. Tizingowonjezerapo mbali yake ndi kumene munthu akuchokera: “Mukachoka pa Chitakale kulowera ku Likhubula, phiri likhala kum'mawa, kudzanja lanu lamanja.” Tikatchula kumanja kapena kumanzere, nthawi zonse tizinena kaye kumene munthuyo akuchokera. Kumanja kwa wochokera kuboma ndi kumanzere kwa wochokera kumalire.

Kumtunda, kumunsi ndi tsidya

Mawu achiwiri ofunika ndi a mitsinje. Kumene mtsinje ukuchokera ndi kumtunda, kumene ukupita ndi kumunsi. Pamene wayambira timati gwero, pamene wathira mu mtsinje wina kapena m'nyanja timati mathiriro. Tilinso ndi khwawa, lomwe limauma m'chilimwe n'kudzaza m'dzinja. Dambo, malo athyathyathya osunga madzi. Chigwa, malo otsika pakati pa zitunda. Ndi doko, pamene anthu amawolokera.

Mitsinje yathu ikuluikulu imayambira m'phiri momwemu. Ruo amatsikira kummwera, n'kukhala malire a Malawi ndi Mozambique, mpaka kukathira mu Shire ku Chiromo. Madzi a Lichenya, Likhubula, Muloza ndi Thuchila onse amakathera mu Ruo yemweyo, ndipo kuchokera mu Shire amalowa mu Zambezi mpaka kunyanja ya mchere ya India. Koma mvula ina yogwa mbali ya kumpoto kwa phiri imalowa mu mtsinje wa Phalombe n'kukathira m'nyanja ya Chilwa. Apa m'pamene tingaone kuti kumtunda ndi kumpoto ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kwa ife a mbali ya kummwera zimakhala ngati n'chimodzi, koma ku Phalombe ukamalowera kumpoto ndiye kuti ukutsika.

Mawu akuti “tsidya” ndi amene anatipweteka usiku uja. “Tsidya lino” limamveka kwa amene tili limodzi, koma wa pafoni sakutiona. Tizinena kuti “musanawoloke mlatho, mukuchokera kuboma” kapena “mutawoloka mlatho”, ndipo tizitchula dzina la mtsinjewo. Nthawi ya mvula mawu amenewa ndi amene amasiyanitsa ulendo wa mphindi 20 ndi wa maola awiri.

Kumtunda ndi kumunsi ndi nkhaninso ya ukhondo. Chimbudzi, khola ndi dzenje la zinyalala ziyenera kukhala kumunsi kwa chitsime, komanso kutali nacho mamita osachepera 30, omwe ndi mapazi akuluakulu pafupifupi 40 a munthu wamkulu poyenda. Madzi a pansi amatsata kutsetsereka kwa malo ngati mmene amachitira a pamwamba. Amene amachapa matewera kumtunda kwa doko lotungapo madzi akumwetsa anzake a kumunsi zonyansazo. Tonse tikukumbukira mmene kolera inasautsira dziko lino mu 2022 ndi 2023.

Mawu omwewa amapulumutsa pa madzi osefukira. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yosalekeza kuchigawo cha kummwera, ndipo madzi osakanikirana ndi matope, miyala ndi mitengo anatsika m'phiri n'kukokolola midzi, makamaka mbali ya kwa Njema ndi Muloza komanso ku Nkhulambe m'boma la Phalombe. Akuluakulu anakumbukira za Malichi 1991, pamene zoterezi zinachitika ku Phalombe kuchokera m'phiri la Michesi, zimene anthu amati Napolo. Misewu ndi milatho itaduka, thandizo lina linkafika pa helikopita, ndipo woyendetsa ndege sangafunse njira kwa munthu wodutsa. Phunziro lake ndi loti madzi otere amatsata khwawa ndi chigwa. Wothawa asathamangire kumunsi motsata khwawa, pakuti madzi amathamanga kuposa munthu. Atuluke cham'mbali, akwere chitunda. Banja lililonse lidziwiretu chitunda chake chothawirako ndi njira yosadutsa pamtsinje.

“Ndi pafupi” ndi mtunda wanji?

Tonse tinauzidwapo kuti “ndi pompa apa” n'kuyenda mpaka miyendo kuwawa. Timatero pofuna kulimbitsa mlendo mtima, koma kwa wonyamula wodwala mawu amenewa ndi osocheretsa. Tiyeni tizolowere kutchula mtunda ndi manambala. Bwalo la mpira wamiyendo ndi lotalika pafupifupi mamita 100, choncho kilomita imodzi ndi mabwalo 10 ondondozana. Munthu wamkulu wathanzi amayenda makilomita 4 kapena 5 pa ola pamalo athyathyathya. Pachikweza, pamatope, kapena anthu atanyamula wodwala pamachira, nthawiyo imatalika kwambiri. Ngati makilomita akutivuta, titchule nthawi ndi chokwera chake: “mphindi 15 wapansi kuchokera pamjigo” kapena “mphindi 5 pa njinga yamoto kuchokera patala”. Mnzathu wakabaza amene ali ndi njinga yamoto yowerenga makilomita angatiyezere ulendo umodzi wokha, ife n'kulemba.

Kudziwa mtunda weniweni kumathandizanso kupanga chiganizo nthawi ilipo. Mayi woyembekezera amene kwawo n'kutali ndi chipatala, kapena pali mtsinje wodzaza pakati, apite kuchidikiro masiku akayandikira monga momwe a kusikelo amalangizira, osadikira kuti matenda amuyambire kunyumba.

Zizindikiro nazo tizisankha mwanzeru. Mtengo wa mango, nyumba yamalata, munda wa chinanazi ndi zinthu zopezeka paliponse kuno. Chizindikiro chabwino ndi chimene chili ndi dzina, chili chimodzi chokha m'deralo, ndipo chimaoneka ndi nyali za galimoto: sukulu, mlatho, chigayo, mphambano, chikwangwani, nsanja ya foni. Tikati tchalitchi, titchule mpingo wake.

Mapu a papepala

Mapu ndi chithunzi cha dera monga momwe khungubwe amalionera ali m'mwamba. Ana athu amawaona m'mabuku a kusukulu, alangizi a zaumoyo amakhala nawo a midzi imene amayendera, ndipo pazipatala zambiri amakhomedwa pakhoma. Pali zinthu zinayi zoyang'ana musanayambe kufufuza mudzi wanu.

Choyamba ndi muvi woloza kumpoto, umene nthawi zambiri umakhala ndi chilembo cha N. Pa mapu ambiri kumpoto ndi kumutu kwa pepala, kummwera kumiyendo, kum'mawa kumanja, kumadzulo kumanzere. Yalani pepalalo pansi n'kulitembenuza mpaka muviwo utaloza kumpoto kwenikweni kwa pamene mwaima. Mukatero msewu wa papepala ugona mofanana ndi msewu umene mukuuona ndi maso.

Chachiwiri ndi kiyi, kabokosi kofotokoza tanthauzo la zizindikiro ndi mitundu. Kawirikawiri mtundu wa buluu umaimira madzi, wobiriwira nkhalango kapena minda, ndipo misewu ikuluikulu imalembedwa ndi mzere wonenepa.

Chachitatu ndi sikelo. Iyi si ya ana ya kuchipatala ija ayi, koma muyeso wosonyeza kuti dera lachepetsedwa kangati kuti likwane papepala. Pa mapu olembedwa kuti 1:50,000, sentimita imodzi papepala ndi mamita 500 pansi, ndiye kuti masentimita awiri ndi kilomita imodzi. Msewu wokhotakhota umayezedwa ndi ulusi: goneketsani ulusi motsata msewuwo, kenako muuwongole pa lula.

Chachinayi ndi mizere yokhotakhota, nthawi zambiri yofiirira, imene aphunzitsi amaitcha makontuwa. Mzere uliwonse umalumikiza malo okwera mofanana, monga momwe akalozera a m'munda wotsetsereka amayendera mopingasa. Mizereyi ikatalikirana ndiye kuti malowo ndi athyathyathya, ngati chigwa cha Thuchila. Ikathithikana ndiye kuti ndi potsetsereka kwambiri, ndipo pa thanthwe la Chambe imachita kugundana. Pamene mizere yapinda ngati chilembo cha V ndipo pakati pake padutsa mzere wa buluu, pamenepo ndi pakhwawa, ndipo nsonga ya V imaloza kumtunda. Wofuna kumanga nyumba m'munsi mwa phiri ayenera kuopa malo a pakamwa pa V wotere, ngakhale khwawalo litakhala louma zaka zambiri.

Mapu anathandizapo kale pa nkhani za umoyo. Mu 1854 kolera itabuka mumzinda wa London, dokotala wina dzina lake John Snow analemba pa mapu nyumba zimene munamwalira anthu. Zinaoneka kuti zambiri zinazungulira mjigo umodzi wa mumsewu wa Broad Street, ndipo akuluakulu a deralo anachotsa chogwirira cha mjigowo. Ife a m'makomiti a zaumoyo tingachite chimodzimodzi ndi pepala ndi pensulo: ana akamatsegula m'mimba, tiike kadontho pa nyumba iliyonse, kenako tione kumene mabanjawo amatunga madzi.

Manambala a pafoni

Akatswiri anajambula mizere yongoganizira kuzungulira dziko lonse kuti malo aliwonse akhale ndi manambala akeake. Mzere wa pakati, wogawa dziko kumpoto ndi kummwera, ndi ikweta, ndipo umadutsa m'maiko monga Kenya ndi Uganda. Latitudi imanena kuti tatalikira bwanji kumpoto kapena kummwera kwa ikweta. Longitudi imanena kuti tatalikira bwanji kum'mawa kapena kumadzulo kwa mzere wodutsa ku Greenwich, ku London. Boma la Mulanje lili pafupifupi madigiri 16 kummwera ndi madigiri 35 ndi theka kum'mawa.

Foni yamakono imapeza manambala amenewa kudzera pa GPS. Tsegulani Google Maps muli panja pa nyumba, dinikizani chala pa kadontho kosonyeza pamene muli, ndipo mudzaona manambala awiri, yoyamba yoyamba ndi -16 kapena -15, yachiwiri yoyamba ndi 35. Kamzere ka patsogoloko kakutanthauza kummwera kwa ikweta, choncho musakasiye pokopera. Lembani manambala onse a pambuyo pa kadontho, osachepera anayi. Digiri imodzi ya latitudi ndi makilomita pafupifupi 111, ndiye kulakwitsa nambala yachiwiri pambuyo pa kadontho kumasuntha nyumba yanu ndi kilomita yathunthu, mwinanso kuiponya tsidya lina la mtsinje.

Pa WhatsApp palinso njira yotumizira malo amene muli. Koma tonse tikudziwa kuti tsiku la mavuto ndi lomwe foni imakhala yopanda moto, bandulo yatha, netiweki yathawa. Nyumba siyenda, manambala ake sasintha. Pemphani wachinyamata amene ali ndi foni yotere akuthandizeni kamodzi, mulembe papepala. Tsiku lofunika mudzatha kuwatumiza pa uthenga wamba kapena kuwawerenga pa foni yamabatani.

Ntchito ya mwezi uno

Tikupempha banja lililonse lichite zinthu zitatu mvula isanayambe.

Poyamba, khalani pansi limodzi mulembe malondoledwe a kwanu m'ziganizo zinayi kapena zisanu. Yambani ndi Mfumu Yaikulu, gulupu ndi nyakwawa ya mudzi wanu. Kenako tchulani malo odziwika a pamsewu waukulu, kumene munthu akuchokera, mbali yokhotera, mtsinje ngati ulipo, mtunda, ndi chizindikiro chomaliza. Zimveke motere: “Mukuchokera kuboma, musanawoloke mlatho wa mtsinje wakuti, khoterani kumanzere, kumpoto. Yendani makilomita awiri mpaka pachigayo. Nyumba ndi yachitatu kum'mawa kwa chigayocho. Munthu adzaima pamsewu ndi tochi.” Chiganizo chomalizachi n'chofunika kwambiri, pakuti ngakhale malondoledwe abwino amafuna munthu wodikira pamphambano.

Chachiwiri, yesani zimene mwalembazo pa munthu wosadziwa kwanu. Muwerengereni mlendo wa kumpingo wina kapena mphunzitsi wobwera kumene, muone ngati angafike osafunsa. Akasochera, konzani mawuwo. Mukakhutira, lembani mwaukhondo pamodzi ndi manambala a GPS aja ndi nambala ya foni ya alangizi a zaumoyo a dera lanu. Pepala limodzi likhomedwe kuseri kwa chitseko, lina lilowe m'buku la kuchipatala la aliyense woyembekezera kapena wodwala matenda a mgonagona. Ana a sukulu aloweze pamtima, pakuti nthawi zambiri amene amatumidwa kukaimba foni ndi iwowo.

Chachitatu, pamodzi ndi anansi, a mpingo wathu ndi a mipingo ina, jambulani mapu a mudzi wonse, mutawadziwitsa amfumu. Yambirani padothi ndi kamtengo, miyala ndi zitsononkho kuti aliyense, ngakhale wosadziwa kulemba, anenepo maganizo ake, kenako mukopere papepala lalikulu. Muikepo muvi wa kumpoto, mitsinje ndi kumene ikulowera, madoko, milatho, mijigo, zitsime, makwawa amene anasefukirapo, chitunda chothawirako, ndi nyumba za okalamba ndi olumala amene adzafune wowanyamula. Ana athu a Pathfinder amaphunzira za kampasi ndi mapu, ndipo apa m'pamene angaonetse luso lawo. Agogo nawo asatsale, pakuti ndi amene amakumbukira pamene madzi anadutsa kalekale.

Kwathu tinachita zimenezi Lamlungu lina masana pansi pa mtengo wa mango womwe uja. Panali mkangano wa mphindi zingapo pa nkhani ya kumene kuli kumpoto, mpaka mtsikana wa Sitandade 7 anatiimika tonse kuyang'ana kotulukira dzuwa n'kutiuza kuti titambasule manja. Mayi amene anavutika usiku uja analipo, mwana ali kumsana, ndipo ndi iwo amene anajambula mlatho.